Kumbuyo kwa Diresi ya Rejoice

Pa khonde la golosale yakale ku Kawale, moyang'anizana ndi pokwerera minibasi, pamakhala makina osokera opalasa ndi mapazi, ndipo kuseri kwa makinawo kumakhala Mayi Vaileti. Akhala pamenepo zaka makumi awiri ndi zitatu. Golosale ija inasanduka saluni, saluni inasanduka mogulitsira matumba a makala, koma iwo sanasunthe. Simenti ya pansi pa mpando wawo inachita kudyeka.

Anabwera kuchokera ku Ntcheu ali mtsikana, kutsatira amuna awo a Gilford amene ankayendetsa lole. A Gilford atamwalira, achibale anati abwerere kumudzi, koma iwo anakana. Anakaphunzira utelala kwa nkhalamba ina ya ku Mchesi, yomwe inkajambula chovala chilichonse pa pepala la thumba la simenti isanakhudze nsalu ndi sizasi. Ndi makina omwewo anaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Pemphani, mpaka iye anapita ku Joni. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo Pemphani anawatumizira tabuleti, yokulungidwa m'thawulo, kudzera mwa munthu wa basi.

Anthu ankayesa kuti tabuletiyo ndi yodzionetsera. Sankadziwa kuti maso a Mayi Vaileti anayamba kuchita chifunga. Ulusi ankaulowetsa pa singano mongokhudza ndi zala, ndipo msoko ankaumva ndi chikhadabo ngati wakhota. Koma makasitomala a masiku ano safotokoza pakamwa. Amangotulutsa foni, nkuti, "Mundisokere ngati iyi." Pa foni Mayi Vaileti ankangoona kanthu kofiira kapena kobiriwira koimirira. Ndiye ankati, "Tumiza pa yangayi, ndiione bwino ndikakhala ndekha." Kasitomala akachoka ankaika zala ziwiri pa chithunzicho nkuchitambasula, mpaka kolala yokha idzaze galasi lonse. Apo ankaona chilichonse, ngakhale popita msoko. Chinsinsi chimenechi sanauzepo munthu, ngakhale Pemphani.

Kwa zaka ziwiri tabuletiyo inkawafunsa funso limodzi mmawa uliwonse, m'Chingerezi, loti ikufuna kulandira zatsopano. Iwo ankadina poti tsiku lina. Zinkawavuta mumtima pang'ono, ngati kubweza tsiku ndi tsiku munthu wogogoda mwaulemu. Kenaka Lachinayi lina anapita kukayeza makatani ku nyumba ya mpanda ku Area 47. Mwini nyumba, poona funso lija likutulukira, anaseka.

"Amayi, mukuikaniranji? Muno intaneti ndi yaulere. Vomerani, ikhala ngati yatsopano."

Kukana chinthu m'nyumba ya eni, eni ake akukupatsa ndi manja awiri, Mayi Vaileti sanaleredwe choncho. Anavomera. Anamwa tiyi makapu awiri kudikira kuti ithe.

Kuyambira tsiku limenelo tabuleti inakalamba. Akaidina inkakhala duu, kenaka pankatuluka kabwalo kakang'ono kozungulirazungulira. Chithunzi chimene kale chinkatseguka asanaphethire tsopano chinkatenga nthawi yoti munthu nkupinda siketi yonse. Inkatentha kumsana ngati simbi yositira, ndipo pofika masana batire linali litatha.

Lolemba lake anafika Mayi Jemima, atanyamula nsalu m'jumbo. Mayi Jemima anali kasitomala wawo woyamba pa khondepo. Diresi ya ubatizo ya mwana wawo Rejoice, mayunifolomu ake onse mpaka folomu folo, zonse zinadutsa pa makina amenewa. Tsopano Rejoice anali mphunzitsi ku Dedza, ndipo chinkhoswe chake chinali Loweruka.

"Asisi, ndinene chilungamo," anatero Mayi Jemima atakhala pa benchi. "Mwanayu amafuna kupita kwa Shepherd."

Onse awiri anayang'ana kutsidya kwa msewu, kumene Shepherd anali ndi makina atatu amagetsi ndi wailesi yakanema pakhoma yoonetsera masitayilo.

"Ine ndakana. Ndati amene anakusokera wa ubatizo ndi yemweyo akusokere wa chinkhoswe. Ndiye wati chabwino, koma ikhale ndendende ngati pa chithunzi. Mukaikhoza imeneyi, madiresi a operekeza mkwatibwi onse ndi anu. Mukaiphonya, ine pakamwa panga patsekeka."

"Ndinayamba ndaphonyapo chani cha inu?"

"Chigamba cha pa buluku la abambo akwathu chija, munachiika mozondoka."

"Buluku lake linali lozondoka kale."

Anaseka onse, koma Mayi Jemima atachoka, kuseka kunapita nawo. Makasitomala akale anali atatsala ochepa. Ena anamwalira, ena ana awo anawakokera kutsidya. Banja la Mayi Jemima likawoloka msewu, pa khondepo patsala zigamba ndi mazipi basi.

Rejoice anatumiza zithunzi ziwiri masana omwewo, cha kutsogolo kwa diresi ndi cha kumbuyo. Choyamba chinatseguka dzuwa litapendeka. Chachiwiri chinangokhala chimbuuzi, kabwalo kaja kali pakati. Kenaka kafoni kawo ka mabatani kanalira. Anali Rejoice.

"Anti, mwaziona? Zonse ziwiri?"

Mayi Vaileti anayang'ana chimbuuzi chija. Akanati ayi, mwanayo akanati nditumize pa foni ya munthu wina, ndipo munthu winayo akanaima pambali pawo nkuona mmene akusuzumirira osaona kanthu. Mawa lake Kawale yense akanadziwa kuti telala wa pa makala wayamba khungu.

"Ndaona, mwanawe. Zonse."

Lachiwiri anatseka makina ndi chitenje nkuyenda wapansi kupita kumsika wa Mchesi, kwa a Laws okonza mafoni. A Laws, bambo wadazi wovala magalasi awiri ophatikiza, anaitembenuza tabuletiyo, nkuidina, nkudikira, nkuyamba kuimba mluzu.

"Amayi, munavomera apudeti eti?"

"Anati ikhala ngati yatsopano."

"Ee, zimene yalandirazo ndi zatsopanodi. Koma mwini wake ndi gogo. Mwatenga katundu wa pa lole mwamukweza pa njinga ya kabaza, ndiye mukudabwa kuti bwanji sikukwera chitunda."

"Mutsitseni katunduyo."

"Nyemba zophika sadzala, amayi. Chimene ndingachite ndi kuipukuta yonse, iyambe ngati yopanda kanthu. Mwina ingapepukeko. Mwina."

"Nanga zithunzi zanga?" Munali zovala zonse zimene anasoka m'zaka zisanu ndi ziwiri, aliyense atavala chake pa khonde paja.

"Ndingayese kuzisamutsa kaye. Koma ndi mmene ikukwawiramu, muisiye sabata yathunthu."

"Ndili ndi chinkhoswe Loweruka."

"Ndiye uzani mwana wanu wa ku Joni uja atumize ina. Zinthu izi sazipanga kuti mukalambe nazo limodzi."

Koma Pemphani anali atakhala miyezi inayi osagwira ntchito. Mayi Vaileti anaikulunganso tabuletiyo m'thawulo lake lija nkubwerera, dzuwa likuwotcha pamutu, fumbi la minibasi likulowa m'kamwa.

Lachitatu anafika pa khonde mmamawa ndi pepala loyera lopyapyala ndi pensulo. Anaganiza zoti chithunzi choyamba chikangotseguka achijambule, kuti asadzachidikirenso. Anasesa, anathira mafuta m'makina, anadula ulusi wa pa siketi ya munthu wina, kabwalo kakuzungulirabe. Chitatseguka anatambasula dzanja la diresi pang'onopang'ono mpaka linadzaza galasi, nkuyala pepala pamwamba. Kuwala kwa pansi kunaonetsa mizere bwinobwino. Koma atangotsamiritsa dzanja lawo kuti ajambule, tabuleti inamva kukhudzako, chithunzi chinathawa, kabwalo kanabwerera.

Anaika pensulo pansi, manja pa maondo. Mayi wogulitsa makala anawafunsa ngati akudwala. Anati ayi.

Kenaka anadzuka nkupita pa windo la sitoloyo, nkusolola galasi limodzi mwa aja opingasa, limene linali logwedera kale. Analipukuta mwaye ndi chitenje. Ulendo wachiwiri chithunzi chitatseguka, analisanjika pamwamba pa tabuleti, pepala pamwamba pa galasilo. Tsopano dzanja linatsamira, chithunzi osagwedezeka. Anajambula manja otukumuka aja ndi mapindo ake asanu ndi awiri, khosi, chiuno, mmene siketi inatsikira. Pofika masana anali atazikulitsa pa pepala la thumba la simenti, monga inkachitira nkhalamba ya ku Mchesi, ndipo sizasi inalowa m'nsalu.

Chithunzi chachiwiri anachidikira Lachitatu lonse ndi Lachinayi mpaka dzuwa kufika pamutu. Anagula bandulo ina ya intaneti. Anaizimitsa tabuletiyo nkuiyatsanso. Anaiika pa mthunzi, pa simenti yozizira. Kawiri konse anatenga kafoni kawo kuti amuimbire Rejoice, kawiri konse anakabweza m'thumba. Pamapeto pake anadziuza kuti kumbuyo kwa diresi ndi kumbuyo basi, asoka mazanamazana. Anaika zipi yobisika, nkukuta mabatani khumi ndi awiri ndi nsalu yomweyo, mzere wowongoka kuchokera m'chiuno mpaka pakhosi. Anawasoka ndi manja, limodzilimodzi, msana ukuwawa.

Rejoice anafika Lachisanu masana ndi mayi ake, akadali ndi fumbi la ulendo. Anavalira kuseri kwa chitenje, m'kati mwa sitolo ya makala, atanyamula siketi m'mwamba kuopa mwaye. Atatuluka, azimayi odikira minibasi anatembenuka.

"Eee, Anti! Manjawa!" Anazungulira pa kalilole wotsamira khoma. "Ndendende! Amayi, taonani mapindowa."

Kenaka anapotoloza khosi kuti aone kumsana.

"Anti, zingwe zija zili kuti?"

"Zingwe?"

"Kumbuyoku kumayenera kutseguka mpaka apa, ndi zingwe zopingasana. Nchifukwa chake ndinaisankha." Mawu ake anatsika. "Munati mwaona."

"Mabataniwa ndi okongola," anatero Mayi Jemima mofulumira. "Ndi ngati a diresi yanga ya ukwati. Ndiponso apongozi ako akaone msana wako wa chani?"

"Amayi, ine sindikufuna diresi yanu ya ukwati." Rejoice anatulutsa foni, nkuipereka. "Taonani, Anti. Si ichi?"

Mayi Vaileti anailandira ndi manja awiri. Anaiyandikitsa kumaso. Anaitalikitsa. Anaipendeketsa kuti ichoke pa dzuwa. Munali kanthu kobiriwira koimirira. Atakweza mutu anapeza Mayi Jemima akuwayang'ana, osati pa foni, koma m'maso.

"Sichinatseguke, mwanawe," anatero. "Ndinakunamiza. Ndipo pa kafoni aka sindikuonapo kanthu. Chaka chachitatu chino."

Minibasi inaima, kondakitala anakuwa za m'tauni, inanyamuka.

"Asisi," anatero Mayi Jemima chapansipansi, "zaka zonsezi, osandiuza ine?"

Nthawi yophwasula inalibe, ndipo nsalu yodula kale sibwerera. Rejoice anavula, anaipinda yekha diresiyo mosamala, nkuthokoza atagwira chigongono monga analeredwera. Loweruka anaivala. Amene anapita ku chinkhosweko anati manja a diresiyo anali nkhani ya tsikulo, ndipo kuti pojambulitsa mwanayo ankaima moyang'ana kutsogolo nthawi zonse.

Lolemba mmawa Mayi Vaileti akusesa pa khonde anaona Mayi Jemima akutsika minibasi ndi majumbo awiri odzaza nsalu. Mayi Jemima anaima kaye pakati pa fumbi, ngati munthu woiwala njira. Kenaka anakweza dzanja kupereka moni, nkulowa kwa Shepherd. Mayi Vaileti nawo anakweza dzanja, tsache lili m'dzanja linalo.

Atakhala pansi anavundukula thawulo. Tabuleti inali itatsala yoyaka, yofunda, ndipo kabwalo kaja kanali katachoka. Chithunzi chachiwiri chinali chitatseguka chokha. Anaika zala ziwiri nkuchitambasula, kudikira, kutambasulanso. Zingwe zinali zisanu ndi chimodzi, zopyola m'timaso tosokedwa ndi manja, ndipo pansi pake panali mfundo yaing'ono. Sichinali chinthu chovuta. Akanachisoka tsiku limodzi.

Anayang'ana batire, linali pafupi kutha. Anasolola galasi lija pansi pa makina, analisanjika, anayala pepala. Mayi wa makala anasuzumira.

"Mukujambuliranji? Si chinkhoswe chatha?"

"Chatha."

Ananyowetsa nsonga ya pensulo ndi lilime, nkuyamba ndi chingwe cha pamwamba.