Tsiku Limene Dorcas Anakana Kutseka EGR

Inu amene mwagwira tsaya lero n'kumati zanu zatha, tamvani za Dorcas Kamwendo wa ku Mpingu.

Zotsatira za mayeso a Fomu 4, amene analemba kachiwiri, zitatuluka, dzina lake panalibe. Anawerenga pepala lija kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kuyambiranso pansi kukwera m'mwamba. Panalibe ndithu. Makolo ake onse awiri anali atamwalira kalekale, ndipo malume ake, amene ankamulipirira sukulu, anangopukusa mutu.

"Ife tayesetsa, mwana wanga. Mutu wako si wa sukulu."

Sananene mokalipa ayi. Ananena mwachisoni, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri Dorcas.

Anasamukira ku Namitete n'kuyamba kugulitsa mandasi m'mbali mwa msewu. Zaka zisanu, abale inu, dzuwa ndi mvula zikumuthera pamutu! Beseni lake ankaliika pafupi ndi galaja ya a Vincent, makaniko wodziwika dera lonselo, munthu wa dzanja labwino koma wa pakamwa polusa. Makasitomala akasowa, Dorcas sankawodzera ngati anzake. Maso ake ankakhala pa injini zimene anthu ankamasula kuseri kwakeko.

Tsiku lina analimba mtima n'kupempha kuti azitsukako zitsulo. A Vincent anaseka mpaka kutsokomola.

"Iweyo? Ndi manja a ufawo? Chabwino, beseni la palafini ndi ilo. Koma usadzandilirire kuno kuti zikhadabo zatha."

Zikhadabo zinathadi. Mandasi akatha masana, Dorcas ankakhala pa tayala lakale n'kumatsuka zitsulo mpaka dzuwa kupendeka. Chitsulo chilichonse ankafunsa dzina lake ndi ntchito yake. Amakaniko ena akamuyankha mwachipongwe, ankakafufuza yekha pa foni yake yosweka galasi, n'kumaonera mavidiyo a injini mobwerezabwereza mpaka atamvetsa. Patapita zaka ziwiri, a Vincent anamuponyera ovolosi yakale imene manja ake ankachita kupinda katatu. Mandasi anawasiya. Komabe pa galaja paja palibe amene ankamutcha makaniko. Anali wotsuka zitsulo basi, ndipo wotsuka zitsulo salankhula akuluakulu akamakambirana.

Ndiye m'mwezi wa June, mtedza utangokumbidwa, panafika pikapu yoyera ya dizilo, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo. Mwini wake anali a Rabson, mlimi wa ku Nsaru komanso mkulu wa mpingo. Anaigula atalima fodya zaka makumi awiri, ndipo ankaikonda moti munthu wa matope kumapazi sankakweramo.

"Yafooka, a Vincent," iwo anadandaula. "Pa chitunda ikuchita kulira. Mtedza wanga ndinyamula bwanji?"

A Vincent anatsegula boneti, anasintha sefa ya mpweya imene inali itada, anamvetsera injini pang'ono, n'kugogoda kachipangizo kena ndi sipanala.

"Ndi EGR iyi. Tingotseka, basi. Azungu anaika izi chifukwa cha malamulo akwawo, kuno n'zopanda ntchito."

Kwa inu amene simunasuzumirepo pansi pa boneti, EGR ndi kachipangizo kamene kamatapa utsi pang'ono wopita ku ekizozi n'kuubwezera mu injini. Utsiwo umachepetsa ukali wa moto wa mkatimo, ndipo mpweya woipa wowononga zifuwa za anthu umatuluka wochepa. Vuto lake n'lakuti kakadzaza mwaye, kavavu kake kamakanirira kotsegula, injini n'kumameza utsi wambiri, mphamvu n'kutha. Amakaniko ambiri safuna zovutika nako. Amangodula kachidutswa ka lata, n'kutseka paipi ija, theka la ola ntchito yatha. Ndipo tisanamizane, galimoto imadzukadi, mwini wake n'kupita akumwetulira.

A Vincent anali atatenga kale sizasi yodulira malata pamene mawu anamveka kuchokera pa tayala paja.

"Bwana, pepani. Bwanji tingoitsuka?"

Onse pa galaja anatembenuka. Dorcas mwiniyo anadabwa kuti pakamwa pake patseguka.

"Wati chiyani?"

"Ndati amene anaiika sanali opusa, bwana. Tikatseka, chimene chikubweretsa mwayecho chikhalabe momwemo. Ndiye utsi woipawo tizipuma ndife tomwe, ndi ana athu m'misewumu."

Kumutsutsa makaniko wamkulu pamaso pa kasitomala! Amakaniko ena anayang'ana pansi. A Vincent anaika sizasi ija pang'onopang'ono, nkhope ili gwa.

"Zikomo, aphunzitsi. Itsukeni. Koma imva bwino, iwe Dorcas. Galimoto iyi ikadzabweranso ndi utsi, udzavula ovolosiyo n'kubwerera ku beseni lako. Wamva eti?"

"Ndamva, bwana."

A Rabson anavomera, poti nawonso sankafuna kuti galimoto yawo ilowe lata ngati khola la nkhuku.

Dorcas anagwira ntchito ija tsiku lonse. Anamasula vavu ndi mapaipi ake, anapala mwaye ndi sikuludiraiva, anakwecha ndi mswachi wakale, mpaka chitini chinadzaza phala lakuda bii. Atabwezeretsa zonse, injini inalira bwinobwino ndipo utsi unachepa. A Rabson anapita akuthokoza. Dorcas anayenda masiku amenewo mtima uli m'malo.

Koma chimwemwe chija chinatha masabata atatu okha. Lachisanu lina masana, pikapu ija inatulukiranso, utsi wake woposa poyamba. A Rabson anatsika atakwiya, mtedza wawo ukadali m'matumba kunyumba.

A Vincent sanakalipe n'komwe. Anangotambasula dzanja.

"Ovolosi."

Dorcas anaivula pomwepo, anthu onse akuona. Wina anaseka kuseri kwa minibasi. A Rabson anali pa changu, ankathamangira msonkhano wa akulu a mpingo, choncho anagwirizana ndi a Vincent kuti abwera Lolemba m'mawa kudzatseketsa EGR ija.

Musaganize kuti Dorcas anali wachitsulo. Atafika kunyumba anadzitsekera n'kulira kwambiri, kulira kwa munthu wa zaka pafupifupi makumi atatu amene walepheranso. Manyazi anamugwira akaganiza zokakhalanso m'mbali mwa msewu ndi beseni, maso ndi maso ndi galaja yomweyo.

Misozi itaphwa, funso limodzi linakana kuchoka m'mutu mwake. Mwaye umene umatenga zaka kuti udzaze, wadzaza bwanji m'masabata atatu? Ankadziwa kuti injini ya dizilo imafuka utsi wakuda ikamasowa mpweya. Koma sefa inali yatsopano, anaona yekha a Vincent akuisintha. Nanga mpweyawo ukutsekeka pati?

Loweruka m'mamawa anakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Nsaru. Palibe anamutuma. Anafika fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, n'kupeza a Rabson akupukuta pikapu yawo pansi pa mtengo wa mango, akazi awo, mayi Naomi, akusenda mtedza pakhonde.

"Iwe mwana, wabweranso kudzatani?" a Rabson anafunsa. "Sunandivutitse mokwanira kodi?"

Dorcas ananjuta. "Bambo, sindikupempha kanthu. Mungondilola ndione kumene galimotoyi imakokera mpweya. Ndikapanda kupeza chilichonse, ndibwerera, simudzandionanso."

"Mulekeni aone, bambo," anatero mayi Naomi. "Wayenda mtunda wonsewu."

Dorcas anayamba pa bokosi la sefa n'kutsatira paipi yolowetsa mpweya cham'mbuyo. Paipiyo inkalowa m'mbali mwa galimoto, kuseri kwa nyale yakutsogolo, kumalo kumene diso silifika. Anapisa mkono wonse mpaka paphewa. Zala zake zinagunda chinthu chouma gwa, chomangidwa ndi mphira pakamwa penipeni pa paipi.

"Bambo, kuli chinthu kuno."

Nkhope ya a Rabson inawala. "Aaa, usakhudze chimenecho! Imeneyo ndi nzeru yanga. Waliona fumbi la msewu wathu uno? Ndinati lisandiphere injini. Ndinapinda nsalu kanayi n'kumanga pamenepo chaka chatha. Fumbi sililowa olo pang'ono!"

Dorcas anatulutsa mkono wake pang'onopang'ono. Matenda aja anali atawagwira ndi dzanja. Koma mkulu wa mpingo, munthu wa msinkhu wa bambo ako, ali pakhomo pake, umamuuza bwanji kuti wodwalitsa galimoto ndi iye mwini?

Anapempha kuti aimasule kaye, angoiona. Inatuluka nsalu yokhuthala ndi fumbi la chaka chathunthu, youma ngati chikumba. Mayi Naomi atangoiona anaponya mtedza pansi.

"Ogo! Si chitenje changa chija ichi? Ndinafunafuna mpaka kunamizira ana a eni ake!"

A Rabson anangokhosomola. Dorcas anagwada n'kupereka nsalu ija ndi manja awiri.

"Pepani bambo, musandiyese wamwano. Tayesani kuiika pakamwa ndi pamphuno, mupumire m'menemo."

A Rabson anamuyang'ana kaye, kenako anachita zimene ananena. Anakoka mpweya kamodzi, kawiri. Masaya analowa mkati, maso anatuzuka, ndipo anaichotsa msangamsanga akutsokomola fumbi.

"Sikupumika!"

"Ndi mmene galimoto yanu yakhala ikupumira, bambo, itasenza matumba, pa chitunda. Ikasowa mpweya dizilo sapsa bwino, amasanduka mwaye. Mwayewo ndi umene ukutseka EGR. Ntchito yogwira fumbi ndi ya sefa, muzingoisintha ikada."

A Rabson anakhala pa chitsa, nsalu ili m'manja. Chisoni chinawagwira.

"Ndiye kuti ndimaibanikitsa ndekha? Ine kuyesa ndikuisamala! Komanso ndakuchotsetsa ntchito iwe wosalakwa."

Dorcas anatsukanso vavu ija pansi pa mango pomwepo, ndi masipanala a m'galimoto momwemo. Mayi Naomi anamubwereka beseni lakale ndipo anamuletsa kubwerera. Dorcas anagona konko. Lamulungu onse anapita kutchalitchi, poti tsiku limenelo pakhomo pa a Rabson sipagwiridwa sipanala.

Lolemba m'mawa anakweza matumba a mtedza mpaka pikapu kukhala pansi kumbuyo, ulendo wa ku Namitete. Atayandikira chitunda chimene galimoto ija inkalilira masiku onse, Dorcas anagwira mpando mwamphamvu. A Rabson anaponda mafuta. Pikapu inakwera ngati ilibe katundu. Dorcas anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, ndipo kunali fumbi la msewu lokha.

"Mayo ine!" a Rabson anakuwa akumenya chiwongolero. "Galimoto yanga yabwerera!"

Pa galaja anapeza a Vincent atadula kale kachidutswa ka lata, akuwadikira. Ataona Dorcas akutsika, anakwinya nkhope. Koma a Rabson sanawapatse mpata. Anatulutsa chitenje chija n'kuchikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"A Vincent, lata lanulo sungani. Wolakwa si EGR, si mtsikanayunso. Ndine. Mukanatseka, ndikanapitiriza kuibanikitsa galimotoyi mpaka injini kufa, osadziwa kanthu."

Anafotokoza zonse, osabisa ngakhale za kutsokomola kuja. A Vincent analowa m'galimoto, anaponda mafuta kangapo, anatsika n'kukayang'ana ku ekizozi. Kenako anapisa mkono kuseri kwa nyale, kumene iwo sanaganizepo zofikako. Anatulutsa mkono uja n'kuupukuta nthawi yaitali, kuposa mmene unadera.

Dorcas anaima pambali, osadziwa ngati achoke kapena akhale. A Vincent ndi munthu woti mawu akuti pepani satuluka pakamwa pawo, zimenezo aliyense pa Namitete amadziwa. Anayenda kupita pa lole ina imene inawazunguza mutu kuyambira sabata yapitayo, anatsegula boneti, n'kutembenuka.

"A Dorcas, mwaimiranji pamenepo? Tabwerani mudzaimvere iyi. Inuyo mukuti ikudwala chiyani?"

Dorcas anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja n'kupita.

Lero alimi a ku Kabudula ndi ku Nambuma amafika pa galaja paja n'kufunsa dzina lake asanatsike n'komwe m'galimoto. Ambiri amabwerabe ndi mawu omwewo, akuti tangotsekani EGR, tili pa changu. Iye amawayankha kuti aitsuka, ikakhala kuti yafadi asintha, koma ayamba wafufuza chimene chaidwalitsa. Ena amanyanyala n'kupita kwina, ndipo iye sawathamangira.

Mkazi ameneyu ndi wosiririka, abale. Anamuvula ovolosi Lachisanu anthu akuseka, ndipo palibe akanamuda akanakhala m'nyumba n'kumadzimvera chisoni. Analira, inde, koma kutacha anakwera njinga kukafunsa funso limene wina aliyense sanafunse. Mwina inunso akuchotsani, akusekani, ndipo mukuona ngati anthuwo ananena zoona. Lirani ngati misozi ilipo, palibe cholakwika. Koma mawa kukacha dzukani, mukayang'anenso pamene panakukanikanipo. Musataye mtima, mwina chimene chikukubanikitsani chili pafupi, pongofunika kupisa mkono.