Wonditukwana Ali ku Ilford

Chondichotsa ku Malawi sichinali chachilendo ayi. Ndinali namwino pachipatala china cha mishoni kwathu ku Ntcheu, mwamuna atandisiyira mwana n'kulowera ku Joni osabweranso, ndipo malipiro ankatha mwezi usanafike ndi pakati pomwe. Anzanga amene tinaphunzira limodzi anali atayamba kusowa mmodzimmodzi, ukafunsa n'kumangomva kuti ali ku Mangalande. M'chaka cha 2003 nanenso ndinati basi, ndikayese. Mwana wanga Tiyamike ndinamusiya m'manja mwa amayi.

Pondiperekeza kudepoti aliyense anali ndi nkhope ya maliro, kupatula msuweni wanga Mavuto, mwana wa amalume, wokonza njinga pamsika. Ine ndi Mavuto tinakula tikutukwanana. Ndi mwambo wake umenewo, asuweni amanyozana ngakhale pamaso pa akuluakulu popanda wokwiya, ndipo msuweni akasiya kukunyoza uyenera kufunsa chimene wamulakwira. Iye ankanditcha Namiyendo, ati miyendo yanga ndi ya udzudzu, ine ndinkamutcha nyani. Tsiku limenelo anakweza chikwama changa m'basi n'kukuwa anthu onse akumva: "Pita, galu iwe! Azungu akangoona timiyendoti akakubwezera pabwalo la ndege pomwepo!" Amayi, amene anali atakonzeka kulira, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Ntchito ndinaipeza ku Ilford, dera lina la ku Mangalande komweko, m'nyumba yosungira okalamba. Sinali ya unamwino weniweni, poti mapepala anga ankachedwa, koma yosambitsa, kudyetsa ndi kutembenuza agogo a eni ake. Ndinkagona m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ina, bedi, ketulo ndi zenera loyang'ana khoma. Chizungu ndinkachidziwa, cha kusukulu, choyera bwino. Koma ulemu wa anthu a kumeneko, aa, ndi wozizira! Aliyense "sorry", aliyense "you all right, love?", koma akufunsa akuyenda, yankho lako salidikira. Kumapemphero a Amalawi ku Lewisham ndinkapitako mwa apo ndi apo. Nakonso kunali kupatsana "inu" ndi "mayi", aliyense atatchena, aliyense akubisa zoti pakati pa sabata amapukuta matako a azungu. Zaka ziwiri zinatha popanda munthu wondiyandikira mpaka kufika pondinyoza. Ndinasungulumwa, ndisaname, moti ndinkasiya wailesi ikulankhula kuti ndikamalowa m'chipinda ndipeze mawu a munthu.

Kenako kunabwera Galina, mayi wa Chirasha wochokera ku Latvia, wamkulu kwa ine, wojintcha, wosuta fodya ngati uvuni wa njerwa. Anamuika m'chipinda chochapira. Poyamba ndinkamupatsa ulemu wa kwathu, kulandira zofunda ndi manja awiri, mawondo nditapinda pang'ono. Iye ankangondiyang'ana ngati ndikudwala.

Tsiku lina gogo wina wamwamuna, amene ankadana ndi madzi ngati mphaka, anandigenda ndi sopo n'kunena kuti, "You're a pain in the arse!" Ndinamwetulira, poti ntchito yake ndi yomwetulira, koma potsikira kochapira nkhope inali ndwii. Galina anafunsa m'Chizungu chake chothyokathyoka chimene chandivuta. Ndinamuuza mawuwo, n'kuvomera kuti ndangomva kuti ndi mwano koma kulemera kwake sindikukudziwa. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Akuti ndiwe ululu wa m'thako. Basi? Za ana zimenezo! Kwathu timati zanoza v zadnitse, kachibanthu ka thabwa kolowa m'thako, kosakulola kukhala pansi. Ukamatukwana uziuza munthu chimene chamubaya."

Sukulu yathu inayamba choncho. Nthawi yopuma masana tinkakhala kuseri, pafupi ndi migolo ya zinyalala, iye ndi fodya wake, ine ndi tiyi. Mawu aliwonse oipa amene ndawatola kwa agogo, kwa wophika kapena m'basi ndinkabwera nawo kwa iye, iye n'kuwayeza ndi a kwawo. Gogo wina atamwalira, wophika anati "he's kicked the bucket", wamenya chidebe. Ine ndinadzidzimuka, munthu wamkulu ngati ameneyo kumunena chomwecho? Galina anati kwawo amati wataya ziboda, ngati hatchi. Ndinamuuza kuti ife timati watsamira mkono, ndipo iye anati, "Inu ndinu anthu abwino kwambiri, n'chifukwa chake mumavutika." Azungu munthu akamawanamiza amati akuwakoka mwendo, Arasha amati akuwakoleka supageti m'makutu. Mawu ena sindingawalembe pano, amayi anga akadali moyo. Ndingoti amatchula ziwalo zonse ndi azimayi a anthu, ndipo pa mpikisano umenewu Chizungu chinkagonja tsiku lililonse. Akandipempha mawu otukwana a Chichewa ndinkakana, ndinkati ndine mayi wa mpingo.

Ndiye tsiku lina, ndi kutopa kwanga, ndinaponya juzi yofiira ya gogo wina m'makina limodzi ndi nsalu zoyera za pabedi. Zonse zinatuluka zofiirira. Galina anatukula nsalu imodzi m'mwamba, n'kundiyang'ana m'maso, n'kukuwa kuti, "Dura!" Mawu amenewo ndinali nditawaphunzira kale, ndi chitsiru chachikazi. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Galu iwe! Chimutu ngati dzungu la pachulu!"

Anaima njii. "Wati chiyani?" Ndinamumasulira, ndikuganiza kuti nkhaniyi ikathera kuofesi. Koma iye anagwira mutu wake ndi manja onse awiri, kuuyeza, n'kuti, "Nenanso." Ndinanenanso. Tinaseka mpaka kukhala pansi, ndipo kuseka kwanga sindikudziwa kuti kunasanduka nthawi yanji, ndinangozindikira ndikulira m'nsalu zofiirira zija. Ndinamufotokozera za Mavuto ndi za chisuweni. Galina anandimenya pamsana ndi chikhatho chake cholemera n'kuti, "Ndiye ineyo ndine msuweni wako. Dzuka, dura, tichape zinthuzi."

Kuyambira pamenepo m'mawa ndikalowa ankandilonjera ndi "galu ive", poti "iwe" ankamulephera, ine n'kumubwezera m'Chirasha. Anzathu ena ankaganiza kuti timadana, wina mpaka anakatinenera kwa abwana. Kunyumba kwake sindinapiteko, iyenso kwanga sanafikeko, ubale wathu wonse unali wa m'chipinda chochapira ndi pamigolo paja. Komabe Lamlungu ndikakhala ndekha, ndinkalakalaka Lolemba.

Kumudzi ndinkaimba ndi makadi aja ogula m'sitolo za amwenye, pafoni imene ndinamutumizira Mavuto kuti amayi azilankhulirapo. Ndalama ndinkatumiza ndithu, ndipo sindidandaula: fizi ya Tiyamike, feteleza, mankhwala a amayi. Denga la udzu la Mavuto litagwa ndi mvula, ndinamugulira malata. Mkazi wake atadwala, ndinathandizanso. Poyamba akayankha foni ankati, "Ukadali moyo, Namiyendo? Chisanu sichinathyole timiyendo?" Kenako anayamba kuti "asisi". Malata atakhomedwa anayamba kuti "madamu", n'kuthamangira kupereka foni kwa amayi. Ndinkadziuza kuti ndi foni chabe, mwina pali anthu pafupi, tikadzaonana maso ndi maso zidzabwerera.

Ndinabwerera mu 2009. Amayi anali atayamba kufooka, ndipo Tiyamike anali atatha msinkhu ine kulibe. Tsiku lomaliza Galina anandiperekeza mpaka pamalo okwerera basi, epuloni ali nayo m'chiuno. Anati azungu pofunira munthu mwayi amati "break a leg", uthyoke mwendo, koma kwa ine zimenezo sanganene poti palibe choti chithyoke. Kwawo amati ni pukha ni pera, usapeze nthenga ngakhale imodzi, monga ankauzira alenje.

"Ndipo usathokoze," anandichenjeza ndi chala. "Ukathokoza waitana tsoka. Munthu wako akakufunira ulendo wabwino umamuyankha kuti k chortu, pita kwa Satana."

Basi inafika. "Ni pukha ni pera, galu ive." Ndinayankha kuti k chortu, monga anandiphunzitsira. Anatembenuka osakweza ndi mkono womwe, n'kumapita akuyatsa fodya.

Kwathu anandilandira bwino kwambiri, mwina mopitirira. Anthu anadzaza pakhomo pa amayi, onse pamphasa, ine ndekha anandiika pampando. Maso anga ankangosaka munthu mmodzi, Mavuto. Kenako ndinamuona akutsika panjinga, imvi zitayamba, atavala jekete ya kutchalitchi pakati pa sabata. Chimwemwe chinandikwera kumutu. Ndinaimirira n'kukuwa monga kale: "Iwe nyani! Wakalamba chonchi bwanji? Mano ena aja unagulitsa?"

Mkazi wake anayang'ana pansi. Mavuto anavula chipewa, n'kundipatsa moni dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, n'kuseka kuseka kwa ulemu.

"Zoonadi madamu, takalamba. Mwayenda bwanji?"

Anthu atabalalika, amayi anandiitanira kuseri kwa nyumba. "Mwanawe, wachita chiyani? Anthu akuti wabwera ndi matama a ku Mangalande, wayamba ndi kunyoza amphawi."

"Koma amayi, si Mavuto ameneyu? Si msuweni wanga?"

"Ndi msuweni wako, inde. Koma iwe wanena uli pampando, iye ataima ndi chipewa m'manja."

M'mawa mwake ndinavala chitenje chakale cha amayi ndi patapata, n'kupita kumsika. Ndinamupeza pamalo ake omwe aja, akumata chubu. Atandiona anadzuka msangamsanga kukabwereka mpando kugolosale, koma ine ndinali nditakhala kale pa tayala. Ndinamupepesa za dzulo. Anati palibe cholakwika, madamu. Pamenepo mtima unandipweteka zedi, ndipo ndinamuuza zonse: za kachipinda kaja, za wailesi, za mayi wa Chirasha amene ndinachita kumuphunzitsa kunena "galu iwe" kuti ndizimva ngati ndili ndi m'bale. Ndinati zaka zonsezi chimene ndinkadikira ndi choti ndidzatsike basi iye adzanditchule Namiyendo.

"Nditukwane, Mavuto. Kamodzi kokha. Miyendo yake si iyi?"

Anaiyang'anadi miyendoyo, ndipo ndinaona pakamwa pake pakugwedera, mawu atafika kale pamilomo. Kenako anabweza maso pachubu chija, n'kuchiviika m'beseni kufufuza pobowoka.

"Kutukwanana kumakoma mukamabwezerana," anatero motsitsa. "Ine ndikutukwaneni bwanji, mvula ikamagwa ndimamva malata anu akulira pamutu panga? Ana anga angandione bwanji?"

Ndinati malatawo aiwale, inali mphatso chabe. Anagwedeza mutu n'kuti mphatso ndiye siiwalika. Panafika munthu ndi njinga yoduka tcheni, Mavuto n'kuyamba kucheza naye, kumuseka kuti amapalasa ngati akuthawa apongozi. Ndinakhala pa tayala paja ndikumvetsera anthu awiri akunyozana mokoma, ine ngati mlendo wodikira basi.

Nditatsanzika ndinayenda pang'onopang'ono dala, makutu ali kumbuyo. Ndinkadziwa kuti akundiyang'ana, ndipo chitenje chija chinali chachifupi, timiyendo tonse tili pamtunda. Ndinamva akukonza kukhosi. Ndinaima.

"Muyende bwino, madamu!"

"K chortu," ndinayankha motsitsa, osatembenuka. Pamsika ponsepo panalibe munthu woti amve kuti ndanena mawu achikondi.