Foni Yoduka Moni Ukangotha

Ntchito imene anandiitanira ku Biwi inali yochotsa laini, osati kuikonza. Zaka zimenezo mafoni am'manja anali atayamba kuchuluka, koma maofesi ndi mashopu akuluakulu ankadalirabe swichibodi, makina olumikiza mafoni onse a pamalo amodzi. Ine ndinkakhala ku Area 23, ndikuyenda ndekha ndi chikwama cha zipangizo kukonza maswichibodiwo. Ntchitoyo ndinkaidziwa ndipo sindinkabisa. Anzanga ankati ndine wamatama, ine n'kumawayankha kuti zikawakanika andiimbire.

Amene anandiitana anali bambo wachikulire, Msilamu wochokera kunyanja, mwini shopu ya hadiweya. Bizinesiyo anali nayo limodzi ndi mng'ono wawo, yemwe ankayang'anira nyumba yosungiramo simenti ndi malata ku Area 25, kufupi ndi Kanengo. Malo awiriwa aliwonse anali ndi swichibodi yake, ndipo pakati pake panali laini imodzi yowalumikiza mwachindunji. Munthu akadina manambala ochepa ku Biwi, foni inkalira pa desiki ku 25.

"Muichotse," anatero bamboyo ndisanakhale n'komwe pansi. "Mwezi ukatha tigawana katundu, aliyense aone zake."

Sizinkandikhudza, koma pakamwa panga sipakhala chete. Ndinafunsa chimene chinalakwika.

"Mwana ndinamulera ndekha bambo athu atamwalira, lero akundidulira foni ndili pakati polankhula. Akaimba iye siduka. Ndikaimba ine amadula."

"Munawafunsa, abambo?"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Ndifunse mwana chifukwa chimene akundichitira mwano?"

Mawu akuti akaimba iye siduka anandikhala m'mutu. Laini ya mtundu umenewu ili ndi mawaya a mawu, komanso ena awiri amene sanyamula mawu a munthu. Ife tinkawatcha khutu ndi pakamwa. Pa mawaya amenewa ndi pamene maswichibodi amauzana okhaokha. Ya kuno imati odi, ndikufuna laini. Munthu akanyamula foni uko, ya uko imayenera kubweza chizindikiro kuti wayankha. Chizindikirocho chikapanda kubwera, ya kuno imaganiza kuti foni ikungolira m'nyumba yopanda anthu. Imadikira pang'ono, kenako imadula, ngakhale anthu awiri ali mkati mocheza.

Ndinafunsa kalaliki wa mushopumo ngati foni inkamudukira. Anati sinayambe yatero. Posakhalitsa ndinamumva akuimbira ku 25: "Simenti ilipo? Tumizani." Basi, n'kuika foni pansi. Ndinaimba ndekha, n'kuuza mlonda amene anayankha kuti asaike foni zivute zitani. Tinakamba za mpira, za fumbi, za matope a ku Chinsapo nthawi ya mvula, ndipo mwadzidzidzi laini inati zii. Nditaimbanso inadukanso patapita nthawi yofanana. Apo ndinadziwa kuti ndagwira mbava.

Ndinakwera minibasi mpaka kudepoti, n'kukweranso ya ku 25. Mng'onoyo ndinamupeza akuwerengetsa malata, munthu wofatsa, wa imvi zake kale. Nditamuuza chimene ndinabwerera anandilowetsa muofesi n'kutseka chitseko.

"Achimwene akaimba amandipatsa salamu, amafunsa ana mmodzimmodzi, alamu awo, mwendo wanga, mayi kumudzi. Akangoti tsopano nkhani ndi iyi, amadula. Ndinaona kuti akundiuza kuti ndilibenso mawu pa bizinesi ino. Ndinasiya kuwaimbira kuti ndisawavutitse."

"Munawafunsa?"

"Ine kufunsa achimwene kuti mwadula foni bwanji? Kwanu mumatero?"

Ndinapsa mtima, sindinama. Anthu awiri akuluakulu, a ndevu zawo, kufuna kuphwasula zimene anamanga kuyambira ali anyamata chifukwa cha ulemu. Koma ndinawamveranso chisoni, poti nanenso ndili ndi mkulu wanga ndipo sindinayambe ndamufunsapo funso lotere.

Swichibodi ya ku 25 inali yatsopano. Yakale inapsa ndi mphenzi nyengo ya mvula, ndipo amene anaika yatsopanoyo anayesa poimba, atamva mawu n'kunyamuka. Sanaiuze kuti izibweza chizindikiro munthu akayankha. Makalaliki sankafika pa nthawi yodukayo chifukwa nkhani zawo zinali zachidule. Munthu yekhayo pa bizinesi yonseyo amene ankapereka moni wathunthu asanayambe nkhani anali mkulu uja. Kukonzako sikunanditengere nthawi, tiyi amene anandipatsa anali asanazizire. Ndinapempha mng'onoyo kuti asachoke pa desiki, ndipo foni ikalira ayankhe yekha.

Ku Biwi ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinafotokoza zonse bwinobwino, za khutu, za pakamwa, za mphenzi. Bamboyo anapukusa mutu.

"Makina sadziwa mwano. Wakutumani kuti mudzandinyengerere?"

"Abambo, ine sindituma munthu ndipo sinditumidwa. Laini ndichotsa lero lomwe ngati mukufuna. Koma muimbe kamodzi ine ndili pano. Ikaduka, pulayala ndi iyi, ndidula mawaya inu mukuona."

 Bamboyo anakokera foni pafupi n'kudina manambala ndi chala chimodzi. Anapereka salamu mouma. Anafunsa ana, mmodzimmodzi monga mwa nthawi zonse, koma mothamanga, ngati munthu wowoloka msewu wa magalimoto ambiri. Anafunsa alamu, anafunsa mwendo, anafunsa mayi kumudzi. Ine maso anali pa wotchi. Nthawi yodukira ija inafika n'kudutsa.

Moni unali utatha kale. Bamboyo anali atazolowera kuti pamenepa laini imafa, moti sanakonzekere mawu ena. Anangogwira foniyo pakhutu, maso ali pa khoma. Mushopu munali zii, ndipo mawu a ku 25 ndinkawamva ndili chiimire.

"Ndikumva, achimwene. Pitirizani."

"Ulipo?"

"Ndilipo. Masiku onse aja ndinkakhala ndilipo. Ndinkagwirabe foni, kuti mwina mubwereranso."

 Bamboyo anavula kachipewa kawo koyera n'kukaika pa desiki, chinthu chimene kalaliki anandiuza pambuyo pake kuti anali asanachionepo. Anandikodola kuti ndituluke. Ndinanyamula chikwama changa n'kukakhala pa matumba a laimu panja.

Ndinadikira mpaka ogulitsa chinangwa m'mbali mwa msewu anayamba kulongedza. Kalaliki anatuluka kudzatseka mawindo, ndipo ndinamufunsa ngati laini ndichotse kapena ayi.

"Simungaichotse pano," anatero. "Akulankhulabe."