Telala Amene Anapereka Umboni pa Lole ya a Nkhambule

Pa boma pa Mzimba ndi ochepa ankamudziwa ndi dzina lakuti Loyce. Ambiri ankangoti a Nyathole, telala wa pakhonde la golosale, pamtsetse wotsikira kumsika. Kwawo kunali ku Manyamula. Anabwera pa boma mwamuna wake atapita ku Joni, ulendo womwe poyamba unkabala mabulangete ndi mafoni, kenako n'kungoti zii. Makina osokera anali a malemu amayi ake, ndipo ndi makinawo analera ana awiri. Ankasoka mayunifolomu a sukulu ndi kuika zigamba, koma chimene anatchuka nacho chinali mabulauzi oyera a amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo.

Chomwe chinkamusowetsa mtendere chinali lole ya a Zondwayo Nkhambule, bambo amene ankatuta matabwa ku Luwawa. Loleyo inali yotheratu. Ikazima sinkalira popanda kuikankha, choncho dalaivala ankaiimika pamtsetsepo, n'kutsekera tayala ndi mwala, n'kuisiya ikulira iye akukadya tchipisi. Paipi ya utsi inkaloza pakhonde penipeni. Utsi wake unali wakuda bii, wamafuta, wokanirira kukhosi. Nsalu yoyera yoyala m'mawa, pofika masana inkakhala ngati yopukutira mapoto. Loyce akamina madzulo, mumphuno munkatuluka mwaye.

Tsiku lina potuluka m'tchalitchi anawaimitsa a Nkhambule, poti anali mkulu wa mpingo momwemo.

"Adada, lole yanu ija itipha. Tikutsokomola chomene pakhonde paja."

"Amama, galimoto ikamafuka utsi ndiye kuti ikugwira ntchito," anatero a Nkhambule akuseka. "Ngati ikukuvutani, muisokere thewera."

Amuna amene anali pafupi anaseka nawo. Loyce anatembenuka n'kumapita.

M'mwezi wa Juni, kukuzizira, mwala uja unaterereka. Lole yodzaza matabwa inayamba kubwerera chammbuyo. Dalaivala anathamanga, nadumphiramo, naponda buleki, koma buleki inali itafa kalekale. Kumbuyoko kunali Wilfred Zgambo, wakabaza amene ankadikirira makasitomala pafupi ndi khondelo, bambo wa ana atatu, yemwe ankamunyamulira Loyce nsalu kuchokera kudepoti. Tayala linamuponda mwendo pamodzi ndi njinga yake. Loyce ndiye anayamba kufika. Anang'amba nsalu ya kasitomala n'kumanga mwendowo, koma kuchipatala anaudulabe m'munsi mwa bondo.

Apolisi atabwera kudzafuna mboni, pamtsetse ponse panalibe amene anaona kanthu. Watchipisi anati ankasenda mbatata. Mwini golosale anati anali kuseri. Anzake a Wilfred akabaza anangoyang'ana pansi, poti ena mwa iwo ankapeza ganyu yotsitsa matabwa a a Nkhambule. Loyce anawayang'ana mmodzimmodzi.

"Lembani ine," anatero. "Ndinaona ndi maso angawa."

Mlandu unafika pamaso pa majisitireti wina wochokera ku Dedza, Mayi Pamela Kaphuka. A Nkhambule anabwera atavala suti, nanena modekha kuti lole yawo inali yabwinobwino, vuto linali la wakabazayo, mwina anali atalawako. Loyce anafotokoza za mwala, za buleki, ndi za utsi womwe anaupuma zaka zonsezo.

"Za utsi sizikukhudza mlandu uno," anadula a Nkhambule.

"Bambo, pano wofunsa ndi ine," anatero Mayi Kaphuka. "Galimotoyo ili panja. Tiyeni tonse tikaione."

Bwalo lonse linatuluka. Anthu anakankha lole ija mpaka inalira, ndipo utsi unaphimba bwalo lonse la khoti. Amayi anatseka mphuno ndi zitenje. Majisitireti anatsokomola mpaka misozi. Atalamula dalaivala kuti aponde buleki, phazi linangolowa mpaka pansi ngati waponda phala. Chigamulo sichinachedwe: dalaivala analandidwa laisensi, lole inaletsedwa kuyenda mpaka itakonzedwa ndi kuyezedwa, ndipo a Nkhambule anauzidwa kuti adzabwerenso pa nkhani ya chipepeso cha Wilfred.

Loyce anabwerera pakhonde mtima uli m'malo. Koma sizinatenge nthawi kuti aone mmene anthu anailandirira nkhaniyo. Otsitsa matabwa ankamudutsa osapereka moni. Mkazi wa a Nkhambule anali wapampando wa amayi kumpingo, ndipo mabulauzi oyera anayamba kupita kwa telala wina. Mayi wina anachita kumuuza pamaso kuti zinthu za pamudzi sazitengera kukhoti.

Nyengo yozizira isanathe, Loyce anamva kulira komwe ankakudziwa bwino. Lole ija inali kukwera mtsetse, ataipaka penti yabuluu, pamphumi atalembapo kuti Chauta Akuona. Dalaivala anali watsopano, koma utsi unali womwe uja, ndipo mwala wotsekera tayala unali wokulirapo.

Anatseka makina n'kupita kukhoti. Kalaliki anamulandira bwino, namufotokozera kuti eni galimoto anabweretsa umboni wakuti yakonzedwa ndi kuyezedwa. Ngati iye akuona zina, akanene kupolisi, ndipo khoti lidzamva.

"Nanga za chipepeso cha Wilfred?"

"Imeneyo inatha, mayi. Wilfred mwini wake anabwera yekha kudzaichotsa. Akuti anagwirizana pachibale."

Loyce sanamvetse mpaka m'mawa mwake. Lole itaima pamalo ake, chitseko chinatseguka, ndipo kunayamba kutuluka ndodo ziwiri zoyendera, zatsopano. Pambuyo pake anatsika Wilfred. Anadumphadumpha mpaka pakhonde atapanira thalauza kukhwapa.

"Adumbu," anatero, poti ankamuitana ngati mlongo wake, "mundipindire mwendo wa thalauzawu. Ukumakwekweza pansi."

"Wakwera lole imeneyi iwe?"

"Andilemba ntchito. Ndizilondera matabwa panjira, anthu asamabe." Anayankhula akuyang'ana makina. "Ndodozinso ndi iwo agula."

"Mwendo wako wausinthanitsa ndi ndodo?"

"Mwendo unapita, adumbu. Khoti lingaubweze? Mlandu ukanati uzingosunthidwa, ana anga akanadya chiyani? Ndipalase kabaza ndi chiyani?"

"Buleki aikonza?"

"Ikugwirako. Ukapopa."

Utsi unali kuwomba pakati pawo. Loyce ankafuna kumulalatira, koma munthuyo anali ataima pa mwendo umodzi, thukuta lili kamukamu chifukwa cha masitepe a khonde. Anamukankhira mpando. Anatenga thalauza, napinda mwendo wopanda kanthuwo, nausoka mizere iwiri kuti usasosoke msanga. Wilfred atapisa dzanja m'thumba, iye anapukusa mutu.

"Yewo, adumbu," anatero Wilfred, nabwerera ku lole.

Kupolisi Loyce anapitadi. Apolisi anamulembera zonse, namuuza kuti apeze wina womuchitira umboni. Loyce anayendanso pamtsetse ponse, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake.

Kumapeto kwa mweziwo anasenza makina ake n'kusamukira kuseri kwa msika, pakhonde lina loyandikana ndi zimbudzi, kumene galimoto sifika. Makasitomala ena anamutsatira, akudandaula za fungo ndi ntchentche. Mmodzi anamufunsa chomwe anasiyira malo abwino a pamsewu.

"Kuno chonunkha chimadziwika komwe chikuchokera," anayankha Loyce akulowetsa ulusi pasingano, "ndipo m'mawa pamabwera munthu kudzatsuka."

Chifuwa chija sichinamusiye. Nyengo yozizira ikafika amatsokomola mpaka kuimitsa makina, kenako n'kupitiriza.