Nkhokwe Ikasamuka, Wodyamo Auzidwe

Zimene zinachitika Lachiwiri pa depoti ya mbewu ya gulu lathu la alimi, kufupi ndi Kasakula, zafotokozedwa molakwika, ndipo ndiyenera kuziwongola zisanazike mizu. Ena akuti magetsi anazima. Sanazime, babu la pakhonde linali kuyaka masana onse. Ena akuti kalaliki anabisa mbewu kuti agulitse kwa mavenda. Matumba a soya ndinawaona ndi maso angawa, ataunjikidwa mpaka kudenga. Ambiri akungoti "netiweki", liwu limene masiku ano talisandutsa bulangete lofunditsa cholakwa chilichonse.

Ine ndinalipo. Ndinaperekeza mlamu wanga Nagama, mayi wamasiye, amene anatsika phiri pa kabaza kudzatenga mbewu yake. Mvula yobzalira inali itagwa dzulo lake, ndipo aganyu anali kumudikira kumunda. Pa depotipo mbewu situluka kompyuta isanavomereze dzina la mlimi. Titafika pa zenera, kompyutayo inangoti zii.

"Bwanji achimwene, yagona?" anafunsa Nagama.

"Ili maso, mayi, koma kumene imafunsa sikukuyankha," anatero kalaliki.

"Ndiye muifunse ngati chinyezi chimadikira munthu."

Anthu anaseka, koma tonse tinabwerera chimanjamanja.

Kumene imafunsako ndi kompyuta yaikulu ya ku likulu la gululo ku Lilongwe, ndipo woiyang'anira ndi Tiyamike, mwana wa mlongo wanga. Ndinamuimbira foni.

"Atsibweni, musandidye ndisanafotokoze," anayamba motero.

Kompyuta yaikulu, iye anati, ili ndi mapurosesa angapo, amene ndiwo amagwira ntchito yeniyeni, komanso memori, mosungira zimene akugwiritsa ntchito panthawiyo. Memoriyo ili m'magawo, ndipo purosesa iliyonse ili ndi gawo lake lapafupi, monga banja lililonse lili ndi nkhokwe yake pakhomo. Chimene chimadziwa kuti purosesa iyi imatapa m'nkhokwe iti ndi kenelo, phata la pulogalamu yoyendetsa makina onsewo.

Tsiku limenelo gawo limodzi la memori linayamba kufooka. Posafuna kuimitsa alimi pa nthawi yobzala, Tiyamike analichotsa pa ntchito makina ali m'kati moyenda, chinthu chololedwa pa makina otere. Kenelo inasamutsa zonse za m'nkhokwemo, osataya ngakhale njere imodzi. Koma inasiya purosesa ina ikulozabe ku nkhokwe yakaleyo. Purosesayo inapita kukatapa pamene panalibe kanthu, ndipo makina onse anaima.

"Kenelo yabwino imafufuta njira yakale n'kulozera purosesa ku nkhokwe ina yapafupi," anatero. "Yathuyi ndi yokalamba."

"Ukalamba usaunyoze, iwe."

"Sindikunena inu, atsibweni. Inu mukasuntha ngakhale mpando, mudzi wonse umamva."

Taonani bwino, awerengi. Kuchotsako kunachitika mwaukhondo. Chimene chinasowa n'kuuza wodalira kumene azipita tsopano. Kodi si mmene ifenso tikuchitira?

Mjigo wa kwathu unatsekedwa chifukwa madzi ake anayamba kutuluka ndi dzimbiri. Inali nzeru yabwino. Koma amayi anapitabe ndi ndowa zawo m'mamawa, n'kuima mozungulira chitsulo chomangidwa ndi waya, popeza palibe amene ananena kuti azikatunga kuti.

Chimene chimandisautsa kwambiri ndi cha pa maliro. Ndili mwana, tsiku lometa likafika, akuluakulu sankabalalika asanatchule mwana aliyense wamasiye pamodzi ndi khomo limene azikadyako: uyu kwa azakhali ake, uyu kwa atsibweni ake. Ankanena mokweza, mwanayo ali pomwepo, wolandirayo n'kuomba m'manja kuvomereza. Lero pa kumeta timagawana njinga, malata ndi mbuzi mwaluso lodabwitsa, kenaka aliyense ulendo wokakwera minibasi. Dzuwa likafika paliwombo, mwana amabwerera ku khomo limene analizolowera, n'kupeza loko pa chitseko. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. N'zoona, koma mwambi sutchula nyumba.

Tiyamike sindikumuweruza, cholinga chake chinali chothandiza alimi, ndipo wapempha kale kuti kenelo isinthidwe. Ndikungonena kuti aliyense wochotsa chinthu, kaya ndi memori, kaya mjigo, kaya katundu wa malemu, ntchito yake siinathe mpaka atafunsa kuti: ndani ankatapa muno, nanga mawa akatape kuti?

Makina anadzuka, ndipo Nagama anabwereranso n'kulandira mbewu yake, nthaka itauma kale pamwamba. Anabzala yekha, chifukwa panalibe kuchitira mwina. Zimene zinalowa pa nkhaniyi ndi izi.

Kwa Nagama: nkhuku yake yoikira, imene anagulitsa kuti alipire kabaza wa ulendo wachiwiri.

Kwa Nagama yemweyo: aganyu ake, amene anatopa kudikira n'kupita kukabzala kwa ena.

Kwa munda wake: chinyezi cha mvula yoyamba. Soya ali m'dothi louma, ndipo sitikudziwa ngati amera.

Kwa ine: mayunitsi a foni, ndi bondo langa lamanzere, limene likupwetekabe chifukwa cha ulendowo.

Kwa likulu: uthenga umodzi wopepesa, wotumizidwa kwa kalaliki, osati kwa alimi.