Che Waziri ndi Mtsamiro wa Dona

Amene amati Che Waziri anapenga tsiku lija ndi anthu oti sanamuchapirepo mzungu ngakhale mpango. Pakamwa basi! Munthu uja mutu wake unali bwinobwino, ndipo nkhani yake inayenda chonchi.

Che Waziri anafika ku Kabula ali mnyamata, katundu wa azungu ali pamutu. Njanji itafika ku Limbe, ntchito ya mtengatenga inachepa, iye n'kuphunzira udobi, ndiko kuchapa ndi kusita zovala za eni. Anamulemba panyumba ya mzungu wina wogula fodya, pamtunda poyang'anana ndi mtsinje wa Mudi. Bwanayo analibe zambiri. Chimake cha mavuto anali dona, amene antchito ankamutcha Kachala, chifukwa chala chake chinkangoyendayenda m'zinthu kusaka fumbi.

Pakhonde la nyumbayo panali mipando yoluka, uliwonse ndi mtsamiro wake wokhalira. Nsalu yake inachokera kwawo kwa dona, yoyera ya maluwa obiriwira, mkati muli thonje. Mitsamiroyo inali m'manja mwa Che Waziri. M'mawa kuikuntha ndi bango. Dzuwa likakula kuitembenuza kuti maluwa asafwifwe. Kukangoda ku Ndirande, liwiro kukailowetsa. Mbalame ikaipitsira, kupala ndi mpeni wobuntha, kenako kasopo ndi madzi ozizira. Akachapa nsaluzo sankayanika pansi, ndipo ankasita mpaka m'misoko kuopa mphutsi zolowa m'khungu. Galu wa bwana ankagonapo mitsamiroyo momwe wafunira. Koma munthu wakuda, ngakhale kuigunda ndi bondo, mlandu.

Kunyumba, ku Chirimba, kunali mkazi wake Halimatu, amene iye ankamuitana Abiti Dauda monga achitira Ayao. Mayiyo anaterereka ndi mtolo wa nkhuni ku Michiru, chiuno n'kuthyoka. Mwana analibe, abale onse ali kutali kwa Mponda. Womutembenuza, womusambitsa, womutungira madzi anali Che Waziri yekha, amuna anzake akumuseka akamuona ndi mtsuko pamutu. Asekeni! Mwa onsewo ndani akanatha? Koma kugonera mbali imodzi kunam'bweretsera mayiyo zilonda. Mphasa inkamudya, ndipo kubuula kwake kunkamveka mpaka kuseri kwa nkhokwe.

Nyengo yozizira itafika, dona anasiya kukhala pakhonde, mitsamiro n'kuunjikidwa m'chipinda chosungira katundu mpaka kudzafunda. Che Waziri anatengapo umodzi, kuubisa mumtolo wa zochapa. Sanabe ayi, ndipo wonena kuti anaba asambe m'kamwa. Ankati adzabweza mphepo ya chilimwe isanayambe. Anaukuta ndi chitenje chakale, n'kuuika pansi pa chiuno cha mkazi wake. Kubuula kunachepa.

Ndiye tsiku lina chiperoni chili waa, nkhungu itakwirira mapiri onse, Bennet wophika, Mkhristu wa ku mishoni wosasowa chonena, anam'peza akukoleza makala a simbi.

"Achimwene, mwamva? Mkuja kuli tiyi pakhonde."

"Pakhonde? Kuzizira konseku?"

"Akuti kwabwera alendo pa sitima, akufuna aone phiri."

"Phiri lake liti? Inu mukuliona?"

"Kafunseni Kachala. Ine ndalowa muja mosungira katundu, ndapeza mtsamiro wina wapita kokayenda. Kaya walowa Chisilamu."

"Tsekani pakamwa, a Bennet."

"Pakamwa nditseka. Koma mpando wopanda mtsamiro uyankhula wokha."

Che Waziri ankadziwa za wakuba m'nyumba ya mzungu. Anawaonapo anthu otere akuswa miyala mumsewu wa ku Zomba, unyolo m'khosi, msilikali ali pambuyo. Chikoti sichinkamuopsa kwenikweni. Koma akamangidwa, Abiti Dauda adzamutembenuza ndani?

Anathamangira ku Chirimba. Anamunyamula mkazi wake n'kuchotsa chitenje chija pamtsamiro. Magazi ndi mafinya zinali zitaboola chitenje, kulowa m'maluwa, mpaka m'thonje.

"Bambo," anatero Halimatu, "si munati anakupatsani?"

"Anandibwereka."

"Mzungu kubwereka? Mundiyang'ane."

"Gonani, Abiti Dauda. Banga ndiye ntchito yanga."

M'mawa mwake anatsikira ku Mudi, pamalo obisika kumunsi kwa anzake ochapa. Anasosola msoko, kutulutsa thonje. Nsalu anainyika m'madzi ozizira, pakuti magazi ukawathira otentha ndiye wawakhomera. Anapaka mchere, kufinyira ndimu, kufikisa ndi zala mpaka zala kuchita dzanzi. Nsalu inamvera, inayera ngati sinachimwepo. Thonje ndiye linakana. Akachapa, akafinya, madzi ake ofiirirabe. Lina loti asinthe analibe, ndipo akanataya loipalo mtsamiro ukanaphwa, Kachala n'kuzindikira ali patali.

Tsono liume bwanji? Dzuwa linali litasowa ngati lathawa msonkho. Analiyala pafupi ndi ng'anjo ya Bennet, Bennet n'kulichotsa.

"Mukufuna linunkhe utsi ndi anyezi? Mphuno ya mayi uja imamva nyerere ikaphwisa."

Tsiku la tiyi linafika thonje likadali lonyowa mkati. Che Waziri analikulunga m'kansalu kouma, kulowetsa, kusoka, kusita pamwamba ndi simbi yotentha. Pamaso unali mtsamiro wokongola kuposa anzake. Atadina ndi chala, pansalu panatuluka kadontho kofiirira. Anasitanso. Anauika pampando wa pakona, kuseri kwa mphika wa maluwa, mpando woti sakhalapo munthu.

Dona anabwera kudzayendera. Chala chinayenda pathebulo, chinayenda pampando woyamba, wachiwiri. Chitatsala pang'ono kufika pakona, mumsewu munamveka nyimbo ya onyamula machila. Dona anatembenuka kukalandira alendo, n'kumuuza Che Waziri aime kumapeto kwa khonde ndi chiguduli, azipukuta chinyezi cha nkhungu chikamatera pazitsulo.

Alendo anakhala. Mipando inakwana, wa pakona n'kutsala. Che Waziri anapuma. Bennet anadutsa ndi thireyi, n'kumutsinzinira diso.

Asanamalize kuthira tiyi, machila ena anatulukira pachipata. Munatsika mayi wachizungu wonenepa bwino, diresi loyera mbee kuyambira m'khosi mpaka kuphazi. Bwana anadzuka, anasuntha mphika wa maluwa, n'kukoka mpando uja yekha kuubweretsa pakati.

Che Waziri anaona zonse zisanachitike. Thupi limenelo likatsikira pamenepo, thonje lifinyika. Mayiyo akadzuka, kumbuyo kwa diresi kukhala chibanga chofiira. Asosola mtsamiro, afunsa magaziwo nga ndani, atuma asilikali ku Chirimba. Akam'peza Abiti Dauda pamphasa, chitenje chija chili pambali.

Mayi uja anali akupatsana moni ndi dona, akuvula magolovesi chala chimodzichimodzi. Anatembenuka, anagwira diresi m'mbali kuti akhale.

Che Waziri anaponya chiguduli pansi. Anayenda pakati pa azungu, anam'dutsa mayiyo, n'kudzigwetsa pampando paja, khuu! Anatambasula miyendo, manja pamimba.

Supuni inagwa m'manja mwa wina. Che Waziri ankamva madzi ozizira a mumtsamiro akulowa m'kabudula.

"Iwe!" anakuwa bwana. "Choka! Wapenga?"

"Ndatopa, bwana," anatero Che Waziri. "Miyendo."

Sanadzuke msanga, dala. Ankafuna aliyense aone bwinobwino kuti wakhalapo. Ndodo ya bwana inatera paphewa, inateranso pakhutu. Pachitatu anagwera pansi, koma pogwapo anakoka mtsamiro uja n'kuugonera. Galu anayamba kuuwa, mayi wa diresi loyera atagwira pakamwa.

Dona nkhope inali itafiira ngati phwetekere. Bwana atamukankha Che Waziri ndi nsapato kumutsitsa pamasitepe, dona analoza mtsamiro uli chafufumimba pansi.

"Bennet! Chotsa icho. Tentha moto!"

"Inde, dona."

Bennet anaunyamula ndi zala ziwiri, ataukankhira kutali ndi thupi, nkhope atakwinya ngati wanyamula khoswe wakufa. Munthu uja akanakhala wa zisudzo! Palibe mzungu anauyandikira. Anabweretsa mpando wa m'nyumba, tiyi n'kupitirira.

Che Waziri anatuluka pachipata ntchito itamuthera, khutu likutuluka magazi. Akutsetsereka kanjira ka kuseri kwa mpanda, chinthu chinadumpha mpandawo n'kugwera m'tchire patsogolo pake.

"Ndatentha, achimwene!" anatero mawu a Bennet kuseriko. "Phulusa lake ndi limenelo. Ndipo musadzabwerenso kuno, wamisala inu, mwanditayitsa mkaka."

Mbiri inawanda m'nyumba zonse za azungu kuti dobi wa kwa Kachala wazungulira mutu. Palibe anamulembanso. Moyo wake wonse wotsala anachapira amwenye a masitolo ku Limbe, kulawirira ndi mtolo, malipiro ochepa, mwano wambiri. Khutu lija silinamvenso. Koma asilikali sanapite ku Chirimba, ndipo madzulo aliwonse ankafika pakhomo n'kumutembenuza mkazi wake ndi manja ake. Mayiyo anadzadzuka mvula itagwa, n'kumayenda ndi ndodo mpaka ukalamba.

Tsiku la tiyi lija, atafika kunyumba, anayanika thonje la mtsamiro uja pamwamba pa moto, utsi ulowe momwe ungathere. Halimatu anamuyang'ana khutu, anamuyang'ana kabudula, n'kumuumiriza afotokoze zonse.

"Ndiye munakhalapodi? Azungu akuona?"

"Ndinakhalapo."

"Pampando wa dona pamamveka bwanji?"

"Kuzizira kumatako, Abiti Dauda. Tasunthani, ndikutembenuzeni."