Ng'ombe Imene Inandiumitsa Dzanja

Chinayamba ndi dzanzi pa chala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja lamanja. Munali mu Juni, ndiye ndinkanamizira kuzizira.

Ntchito yanga ndi kulemba zikwangwani ndi kujambula pamakoma a mashopu kuno ku Katete. Dzanja limenelo ndilo limadyetsa ana anga. A Saidi, ogulitsa mbewu, anandipempha kuti ng'ombe yokoka ngolo imene ndinawajambulira pakhoma iziyenda ngati kanema, kuti aziitumiza kwa makasitomala pa foni. Ndinabwereka laputopu, mnzanga anandiikira pulogalamu yoyendetsera zithunzi, n'kundisiya ndekha.

Pulogalamu imeneyo ndimadana nayo mpaka lero. Sinandiuze kuti ukaisonyeza poyambira mwendo ndi pothera pake, zapakati imamaliza yokha. Ine ndinkasuntha mwendo uliwonse pang'onopang'ono, chithunzi ndi chithunzi, chala chili pa kamalo kosisitapo chala ka laputopuyo, popanda mausi. Miyendo, mawilo, mchira. Magetsi akayaka sindinkadzuka pampando, kuopa kuti athimanso. Ng'ombeyo inkayenda ngati yaledzera, ine mkono ukutupa.

Burashi itayamba kundipulumuka m'manja, ndinauza alamu anga a Tembo. Anaseka. "Kompyuta si khasu, alamu. Izi n'za anthu, akuchitirani nsanje." Ananditengera kwa munthu wawo ku Sinda, amene ananditema mphini pamkono ndi lezala n'kupakapo zakuda. Ululu umapusitsa, ndinalola. Pofika kumapeto kwa Julayi mphini zija zinali zitatukusira, mafinya akutuluka, thupi likutentha, zala osapindika.

Kuchipatala ndinalawirira, koma ndinapeza mzere wafika kale panja. Kadi, sikelo, kuyeza kutentha kwa thupi, kenako benchi mpaka dzuwa kupendeka. Anesi atamasula nsanza anandiyang'ana nati, "Munali kuti masiku onsewa, bambo?" Adokotala anati mtsempha wa pamkono unapanikizika chifukwa chogwira ntchito imodzimodzi osapumira, ndipo m'mabala mwalowa matenda. "Dzanzi lija likanatha ndi kupuma ndi kumanga mkono. Zinazi mwachita kuziitana."

Anandigoneka. Jakisoni m'mawa ndi madzulo, kutsuka mabala tsiku ndi tsiku, ine ndikuluma mano. Ndinkaopa kwambiri kuti sindidzagwiranso burashi, ndipo ndinkakwiya ndikaganiza za lezala lija. A Tembo sanabwere kudzandiona, ngakhale ndi nthochi imodzi. Anangotumiza mawu akuti munthu wawo uja akuti ndinaphwanya chizimba.

Nditatuluka anandipatsa kampira kofinya ndi masewero a zala, ndipo ndinkabwerera kukaonedwa mpaka mvula itayamba. Lero burashi ndikugwira. Zilembo zikuluzikulu ndikulemba bwino, koma zing'onozing'ono zimandigwedera, ndipo kukazizira chala chachikulu chimafa. Zipsera zili pamkono, sizidzachoka.

Ng'ombe ija ndinaimaliza masana amodzi ndi dzanja lamanzere, mnzanga uja atandisonyeza zimene akanandiuza poyamba pomwe. Ikuyenda bwino. A Tembo amaionetsa anthu ku msika, amvekere, "Alamu anga awa!" 

Inu amene mumadya ndi manja anu, muzidzuka pampando, muziwongola zala. Dzanzi likayamba ndipo silikutha, pitani kuchipatala sabata yomweyo, musanauze mlamu aliyense.